Injini ya m'Bokosi pa Ukwati wa Melissa

Inu okonda kunena kuti nkhani za pafoni n'zopeka, imvani kaye, mutsutse pambuyo. Ku Birmingham kuno palibe ukwati wa Amalawi umene umadutsa ine osaudziwa mutu ndi mchira.

Panali munthu wina, dzina lake Norman, wa ku Bordesley Green. Mkazi wake Esnart ndi nesi. Bamboyu anali ndi chigalimoto chakale chimene ankachikonza kwa zaka m'kagalaja ku Nechells. Anali atagula kale turbo yaikulu, chija chimapopera mpweya wambiri mu injini kuti galimoto iuluke. Chinatsala ndi injini ya m'bokosi, yatsopano yathunthu, imene imabwera itakhomeredwa m'matabwa.

Mwana wawo Melissa atapeza banja, komiti ya ukwati inakhala pansi kugawa ntchito. Atafika pa galimoto ya mkwatibwi, Norman anaimirira.

"Musabwereke ya munthu. Mwana wanga akwera yanga. Small Heath yonse idzatuluka kudzaona."

Abambo m'manja, amayi nthungululu. Mawu a pakomiti mukuwadziwa, sabwezedwa.

Tsiku loitanitsa injini, Esnart ankasita mayunifomu ndipo anamva zonse pafonipo. Wogulitsa anati ali ndi ziwiri. Ina inali yopangidwira turbo, ya mapisitoni olimba, koma yodikira miyezi. Inayo inalipo kale, ya mphamvu zambiri papepala, zija amati mahosipawa, koma yosapirira turbo.

"Mudzaikapo turbo?" anafunsa wogulitsa.

"Ayi," anatero Norman, maso ali kukhoma, n'kuitanitsa imene inalipo kaleyo.

Esnart anaika simbi pansi. "Bambo a Melissa, mwamunamiziranji munthuyo?"

"Ukwati sudikira injini. Ndizingoponda pang'onopang'ono."

"Bwanji tiuze komiti ibwereke ina?"

"Kuti a Laison a kagalimoto konga wilibala aja akandiseke? Inu dziwani za odwala, za injini mundisiyire ine."

Esnart anapita kwa ankhoswe awo, ankhoswe anati ya galimoto si nkhani ya banja. Anapita kwa wapampando wa komiti, iye anati, "Mwini wake walonjeza, ife tinganenenji?" Anauza Melissa, mwana anangoti, "Mum, he promised." Mayi uja anabwerera kuntchito, manja akupereka mankhwala, mtima uli ku Nechells.

Tsiku la ukwati galimoto inabwera ikubangula, itavala maliboni. Esnart anakhala kumbuyo ndi mkwatibwi, atamugwirira velo. Norman anayendetsa mwaulemu mpaka ku Small Heath. Pamaloboti a Coventry Road, anyamata oima pabutchala anatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula.

"Go on, uncle!"

"Bambo a Melissa, chonde," anatero Esnart.

Loboti itasintha, Norman anaponda mpaka pansi. Turbo inaimba likhweru, kenako phuu! Chitsulo chinabowola injini, oyilo mbwee pamsewu, utsi tho m'galimoto. Melissa anatuluka akutsokomola, diresi n'kukwekwerezeka m'mafuta akuda. Esnart anagwada pamsewu pomwepo kupukuta ndi mpango wake, koma akapukuta banga linkangokula. Mabasi anandandalika kumbuyo akuliza mahutala. Norman anatsegula boneti, kuyang'ana, kutseka, kutsegulanso.

Amene ankatsatira pambuyo ndi kagalimoto kaja a Norman ankakatcha wilibala ndine ndemwe, Laison. Ndinanyamula mayi ndi mwana, koma banga sindikanalinyamula. Melissa analowa m'tchalitchi atagwidwa dzanja ndi amalume ake, pansi pa diresi pali bii. Bambo ake anatsala pamsewu kudikira chigalimoto chokoka, ndipo anafika anthu akutuluka. Esnart anakhala pafupi ndi mpando wopanda munthu, mpango wakuda uli m'manja.

Norman ataimba foni kudandaula, wogulitsa anamuuza atumize zithunzi za injiniyo. Ataona turbo anangoti, "Paja munati ayi." Nkhani inathera pomwepo.

Phunziro: Injini isankhireni ntchito imene idzagwire, osati tsiku limene mukufuna kukaonekera. Wogulitsa akakufunsani, nenani zoona, chifukwa chitsulo sichinamizidwa. Ndipo kubweza mawu pakomiti ndi manyazi a madzulo amodzi, pomwe diresi ija ili pazithunzi mpaka kwa adzukulu. Tumizirani amuna onse okhala ndi kagalaja, ndi amayi amene akuona koma sakumvedwa. Mukafunsa kuti ine ndinapindulanji, ndinapindula mpando wa kutebulo la akwati ndi bokosi lija la injini. Esnart anati asalionenso, ndiye ndinadzalamo mpiru kuseri kwa nyumba yanga, ndipo ukukula kuposa wa aliyense ku Bordesley Green.