Kaulusi Kofiira ka Nachisale

Chiletsereni mafuta a injini, odwala a m'mudzi wina wa kumapiri ankapita kuchipatala pa ndege yopanda injini, imene anthu ankachita kuikankha kuchokera pamwamba pa phiri. Woyendetsa wake anali Nachisale. Tsiku lina wodwala anali apongozi ake, a Gomani, mkulu wa mpingo, atalumidwa ndi mphiri kumunda.

Ataona kaulusi kofiira komatidwa pagalasi la m'mbali, mkuluyo anakana kukwera.

"Ine za zithumwa ayi, mayi."

"Si chithumwa, bambo," anayankha Nachisale, maso ali pansi. "Ndinakasolola pa juzi ya mdzukulu wanu. Kamandiuza mmene phiko likukumanirana ndi mphepo. Kakakwera kupitirira kamzere aka, ndiye kuti phiko lasiya kutinyamula."

Mwendo unali ukutupirabe, choncho anakwera monyinyirika.

Atafika pamwamba pa dambo, ndege inanjenjemera, kaulusi kaja n'kudzuka. Nachisale anaweramitsa mphuno ya ndege, kaulusi kanagonanso, ndipo mphepo inawakweza mwakachetechete mpaka akabawi anatsala pansi pawo.

A Gomani anavula chipewa.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikulalikira kuti mphepo sioneka," ananong'ona. "Koma inu, mayi, mukuiwerenga ngati kalata."