Khadi la pa Okushoni

Magetsi atabwera madzulo, Elesi wokonza makompyuta anathamangira ku kafe ya intaneti ya ba Chileshe ku Matero. Khadi la m'kompyuta lobisa mauthenga, logula pa okushoni, linkayenera kugwira ntchito kusanache, apo ayi kasitomala wamkulu awathawa.

Atangoika dalaiva, pulogalamu yoyendetsa khadilo, kanyali kake kanayamba kuphethira, mauthenga akulowa ndi kutuluka.

"Walumikiza kale?" anafunsa ba Chileshe.

Elesi anawaonetsa waya wa netiweki, akadali m'manja mwake.

"Nanga likamba na ndani?"

"Kapena ndi linzake. Makhadiwa amagwira awiriawiri."

Ba Chileshe anabwerera m'mbuyo. "Linzake linapsa na ofesi yonse ya eni ake akale, mlonda ali mukati."

Elesi anazula pulagi kukhoma. Kanyali sikanazime, ndipo pachitseko panamveka kugogoda, kukuyendera limodzi ndi kuphethira kuja.