Dzanja la Bambo Linapita ndi Penti

Panali munthu wina, mayi wosoka madiresi a akwati, ndipo amene anandiuza akuti zinachitikadi. Pamwamba pa chitseko cha shopu yake panali chikwangwani cha thabwa chimene malemu mwamuna wake analemba yekha ndi burashi. Zilembo zake zinali zonenepa, zoyenda ngati bakha, koma bamboyo sanali wolembalemba, ndiye dzanja lake linatsala pamenepo basi.

Tsiku lina kunabwera bambo wa suti, laputopu m'khwapa. Anamuonetsa mayiyo zilembo zolumikizana, zopyapyala, za michira yaitali, zija timaziona pa makadi a ukwati.

"Mayi, ntchito yanu ndi yapamwamba, koma chikwangwanichi chili ngati cha ogulitsa makala. Ndikuikireni zagolidezi muone makasitomala."

Mayiyo mtima dyokodyoko. Mwana wake wamkazi anayesa kumuletsa.

"Amayi, ngati mwazikonda, gulani thabwa lina. Ili tilitsitse, tikalisunge kunyumba. Ndi dzanja la adadi limeneli."

"Iwe, thabwa labwinobwino ndilitsitsirenji? Bambo ako sali m'thabwa."

Wa suti uja anapaka penti yoyera pathabwa lonse, n'kumata zilembo zake za sitika. Zinakongoladi, tisaname. Koma chilembo chopyapyala ngati ulusi chilibe pogwira guluu. Dzuwa litawomba, michira ija inayamba kufutuka. Mvula itagwa, zilembo zinayoyoka, zina anazitola m'ngalande. Foni ya wa suti sinkapezekanso.

"Palibe kanthu," anatero mayiyo. "Tichotse penti yoyerayi, za bambo ako zili pansi."

Anapala ndi mpeni, pang'onopang'ono. Penti yatsopano inali itagwirana ndi yakale, zonse zinkachokera pamodzi, n'kusiya thabwa lambee. Anafufuza m'mafoni: zithunzi za madiresi mbwee, cha chikwangwani ngakhale chimodzi. Ndani amajambula chinthu chimene amachiona tsiku lililonse?

Mayiyo anagula penti ndi burashi kuti alembe yekha mmene ankalembera mwamuna wake. Anakwera pampando, dzanja lili m'mwamba, penti n'kumadontha.

"Mwanawe, chilembo choyamba chija bambo ako anachikhotetsera mbali iti?"

Mwanayo anayang'ana thabwalo.

"Sindikukumbuka, amayi."

"Inenso," anatero mayiyo. Anatsika, n'kukhala pakhonde, burashi ili m'manja, ndipo analira mpaka mwanayo anatseka shopu. Zomvetsa chisoni, abale. Palibe mmisiri amene akanawathandiza, chifukwa mwini dzanjalo anagona kale.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zilembo zokongola mungazipeze tsiku lililonse, koma chimene wokondedwa wanu anasiya mukachifufuta sichibwerera. Musanapake penti, tsitsani musunge, ndipo mwana akalankhula mverani. Tumizirani ena nkhaniyi asanamvere za wa suti.