Tukano wa Kutsidya

Valdemir anaima pambali pa machila a bambo ake, chikwama cha ku Lisbon chidakali paphewa. Mkuluyo anali atachita khungu, ndipo mawu a mwana wake ankawakayikira.

Kutsidya kwa mtsinje wa Tapajós mbalame ya tukano inalira.

"Ngati ndiwedi, ndi uti ameneyo?" anafunsa mkuluyo.

Mitundu iwiri ya mbalameyi imafanana nthenga ndi mlomo womwe. Wamkulu amauwa ngati kagalu, wamng'ono amalira ngati chule. Ali mwana, Valdemir sankaphonya. Koma makina a kwa eni anamusiyira mluzu m'makutu.

"Wamkulu, ababa."

Mkuluyo anatembenukira kukhoma, n'kuitana mwana wake wamkazi.

"Iraci, mpatse khofi mlendoyu. Wanga uja akafika, undidzutse."