Lamba Wachikasu wa a Khiem

Thinh anamupeza lambayo ali pamsomali kuseri kwa chitseko, fumbi lili mbuu. Anali wachikasu, wofewa kuposa malamba onse a mphira amene achipatala amapatsa okalamba kuti azikoka polimbitsa thupi. Anamupukuta ndi chala, n'kumwetulira. Bambo ake, a Khiem, sankamukhudza n'komwe.

Pangano linali losavuta. Bambo ake atagwa m'bafa chaka chatha, anagwirizana kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi namwino adzawayese: kudzuka pampando kasanu osagwira kanthu. Akalephera, asamukire kunyumba yosungirako okalamba ku Can Tho, ndipo nyumba ino igulitsidwe. Tsikulo linali lero. Thinh anali atalonjeza kale wogula, ndipo pobwera kuchokera ku Saigon anatenga chikwama chopanda kanthu choti alongedzeremo zovala zawo.

A Khiem anakhala phee pakampando ka pulasitiki, tiyi m'manja, maso ali pa chithunzi cha malemu akazi awo paguwa la makolo. Lubani amene anayatsa m'mawa anali akufukabe.

"Kumeneko kuli fani, Bambo, kuli TV," anatero Thinh. "Osati muno. Taonani, mpaka zenera kumanga ndi legeni ngati khola la abakha."

Legeni lakudalo linali pachitsulo cha zenera. Thinh, amene ankalipira mwezi ndi mwezi kumalo olimbitsira thupi koma osapondako, analikoka kuti alimasule. Linatamuka pang'ono, n'kumubweza. Anapondetsa phazi kukhoma, misempha ya m'khosi ili tolotolo. Ayi ndithu.

"Chubu cha lole ichi eti?"

Anadzigwetsa pamphasa ali wefuwefu, batani la malaya litatseguka pamimba. Bambo ake anangophwetera tiyi.

Panja panaima njinga yamoto. Namwino Nhan anavula nsapato pakhomo, nalowa ndi kabuku kake.

"Agogo, mwadya mpunga?"

"Musadzivute, alongo," Thinh anadula ali pamphasa pomwepo, akugwedeza lamba wachikasu uja m'mwamba. "Umboni ndi uwu. Fumbi lokhalokha. Mungolemba kuti alephera, tisawachititse manyazi."

Namwino anayang'ana lambayo, kenako mimba ya Thinh, kenako zenera.

"Wachikasuyo anamusiya mwezi woyamba, achimwene. Ndi wa oyamba kumene. Pano ali pa wakuda uyo, kakhumi kawiri m'mawa uliwonse."

A Khiem anaika kapu pansi, napinda manja pachifuwa. Anadzuka ndi kukhala kasanu, osapumira. Atatero anaima pamwamba pa mwana wawo, yemwe anali akupapasa khoma, akulephera kudzuka.

"Anamwino," anatero, akumupatsa Thinh dzanja, "wachikasuyo musiyireni mwanayu. Chikwama wabwera nacho kale."