Phulusa la Don Anacleto

"Amayi, pano sipotayira zinyalala!" adakuwa wapolisi.

"Zinyalala? Ndi amuna anga awa!" adayankha Doña Hermelinda, atafungatira kam'phika ka phulusa la malemu Anacleto. Pomwalira, bambowo adapempha kuti akawotchedwa, phulusa lawo akaliwaze pabwalo lakale la mumzinda wa Cartagena, patsinde pa chiboliboli cha mkulu wokwera hatchi. Chifukwa chake sadanene.

Wapolisi adavula chipewa n'kuyang'ana kumbali.

Mayi wina wogulitsa mango adasendera, n'kusuzumira chithunzi chomwe chidamatidwa pakam'phikapo. Beseni lake lidagwa pansi.

"Cleto wanga! N'chifukwa chake Lachinayi lapitali sadabwere!"

Doña Hermelinda adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zaka zonsezi, Lachinayi lililonse, bambo aja ankadzola mafuta onunkhira n'kumati akupita kukwaya kutchalitchi, chonsecho mawu awo anali ngati a chule.

"Mumawakonda eti, achemwali?"

"Kwambiri, mayi!"

"Landirani. Ine ndatopa n'kuwachapira. Tsopano muziwapukuta fumbi ndinu."

Adamusiyira kam'phikako m'manja, adatola mango awiri akupsa bwino, n'kumapita akusenda ndi mano.