Telala Amene Anasiya Khonde Lake

Panali telala wina, bambo wachikulire ndithu, amene ankasoka pakhonde la sitolo ya nsalu. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi munthu amene ankasoketsa kwa iye. Mkazi wake anamwalira kalekale, ana ali kutali. Anthu ake anali apakhonde pomwepo: wosoka nsapato ndi mayi wina wogulitsa mazipi ndi mabatani. Masana ankadyera mbale imodzi, kunyozana, kuseka.

Tsiku lina munthu anabweretsa nsalu yodula kuti amusokere jekete. Podula mkono wachiwiri telala uja anaiwala kutembenuza nsalu. Mikono yonse iwiri inatuluka yamanzere, nsalu n'kutha. Mwini jekete anakalipa mpaka anthu odutsa anaima kuonerera.

Atachoka, wansapato anati, "Akulu, musadandaule. Tingofunafuna munthu wa manja awiri amanzere, timugulitse jeketeyi."

Mayi wa mabatani anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo dzina la telala uja linakhala Amanzere. Ngakhale ana a sukulu ankakuwa dzinalo podutsa. Anthu ndi choncho, ukalakwa kamodzi amaiwala zonse zimene unawasokera bwino.

Zinamupweteka. Anapita kukauza mlongo wake kuti akusamuka.

"Achimwene, mukuthawa dzina?" anatero mlongo wakeyo. "Dzina lidzatha lokha, anthu amatopa. Koma khonde lija mukalisiya simudzalipezanso. Dikirani kaye mtima utsike."

"Iwe usandiphunzitse. Makasitomala amatsata manja anga, osati khonde."

Mawa lake anamasula makina n'kukweza pa wilibala. Mwini sitolo anamufunsa ngati amusungire malo. Iye anati, "Ikanipo galu." Wansapato anaimirira kuti amuthandize kunyamula, koma telala uja anamukankhira kumbali.

Anakapeza chipinda kutsidya kwa tauni, kuseri kwa nyumba za anthu, kumene kunalibe womudziwa. Ndi zimene ankafuna. Koma telala wapakhonde amadya chifukwa anthu amamuona podutsa. Munthu akuyenda, zipi yaduka, waona makina, wakhota. Kuseri kwa nyumba angadutseko ndani? M'mawa ankatsegula chitseko, kupukuta makina, kuthira mafuta, n'kukhala. Masana ankadya yekha atayang'ana khoma. Masiku ena dzuwa linkalowa asanalankhule ndi munthu, mpaka ankakhosomola dala kuti m'chipindamo mumveke kanthu.

Mkwiyo utatha anabwerera kukhonde kuja, atavala bwino, ngati akungodutsa. Pamalo pake panali telala wina, ali kalikiliki kusoka.

"Mwafika, bambo," anatero wansapato, mwaulemu ngati akulonjera mlendo. Sanaseke. Mayi uja anangoti, "Kuli bwanji kumeneko?" n'kupitiriza kusankha mabatani ake. Panalibe ngakhale mpando woti akhalepo.

Analowa kwa mwini sitolo. "Bwana, ngakhale pakona paja, ndipanikizika pomwepo."

"Munati ndiikepo galu," anatero mwini sitolo. "Ine ndinaikapo munthu. Malo anatha."

Potuluka anakumana ndi kasitomala wake wakale, nsalu ili m'manja. Anamupatsa moni wabwino, kumufunsa za ana, kenako n'kupereka nsaluyo kwa telala watsopano uja, iye akuona.

Mpaka lero ali m'chipinda chija. Oyandikana naye akuti amapondaponda makina opanda ulusi, opanda nsalu, kuti mwina wina amve phokoso adziwe kuti muli telala.

Phunziro: Ukapsa mtima usasamuke tsiku lomwelo, usasiye ntchito, usatukwane amene akukusungira malo. Mkwiyo umatha, koma pamene wachokapo sipakudikira, pamakhala wina. Amene amakuseka nthawi zina ndi okhawo amene uli nawo. Tumizani uthengawu kwa m'bale wanu amene akulongedza katundu ali wokwiya, mwina angakhale kaye pansi.